Chifuniro cha Mulungu ndi Zenera Lotseka

Chisanu cha Juni ndi Julayi chikagwira mu Lusaka, apolisi ndi a zaumoyo amabwereza uthenga umodzimodzi: musagone ndi mbaula m'nyumba. Koma chaka ndi chaka timamvabe kuti kwinakwake, kaya ku Kanyama, kaya ku Chawama, kaya kuseri kwa mipanda italiitali ya ku Woodlands, munthu wapezeka atamwalira pabedi pake, bulangeti lili m'khosi, chitseko chokhoma, mbaula ili pakona makala atatha n'kusanduka phulusa. Alibe bala, sanakuwe, ngakhale a khomo loyandikana sanamve kanthu. Ife amayi a Chigwirizano cha kumpingo ndife timayamba kufika pa maliro otere, ndipo ndife timagona pansi ndi anamfedwa mpaka tsiku loika. Mawu amene amazungulira m'nyumba ya siwa sasintha. "Pepani amayi, n'chifuniro cha Mulungu." "Tsiku lake linakwana." "Njira ndi yomweyi, tonse tidzapita."

Ine ndine mphunzitsi wopuma, kwathu ndi ku Katete, koma ndakalambira kuno ku Kabwata. Sindinapite ku Justo Mwale kukaphunzira za ubusa. Komabe funso ili landikhala pamtima: munthu akafa ndi mpweya wa makala m'chipinda chotseka, kodi tikunena zoona tikamati Mulungu ndiye wafuna? Chimene chinandiutsira funsoli ndi chitofu cha mapeleti chimene mwana wanga wa ku Chelstone anandigulira mu 2024.

Chaka chimenecho aliyense akuchikumbuka. Mvula inadula, chimanga chinapsa chisanabereke, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Madzi anatsika ku damu la Kariba, ndiye poti magetsi ambiri a Zambia amachokera ku madzi, inafika nthawi imene tinkawaona maola atatu okha pa tsiku, mwina pakati pa usiku. Ngakhale a m'mafulati amene ankanyoza mbaula anayamba kudikirira njinga za makala zimene zimalowa m'tauni mbandakucha kudzera mu Great East Road kuchokera cha ku Chongwe. Mu Epulo boma linaimitsa kuotcha makala m'maboma a Mumbwa, Shibuyunji ndi Itezhi-Tezhi, pomwe ofuna makala anali akuchulukirachulukira. Mwana wanga ataona mmene thumba la makala likudyera penshoni yanga anati, "Amama, tayesani ichi."

Mapeleti ndi utuchi wa kumalo ochekera matabwa, wopanikizidwa ndi makina mpaka kukhala tizidutswa tolimba, tosalala, tonenepa mamilimita 6 kapena kuposerapo pang'ono. Kuno odziwika nawo ndi a SupaMoto, amene amawapanga ku Copperbelt kumene kuli minda ya paini ndi bulugamu. Kayatsidwe kake n'kachilendo kwa munthu wozolowera mbaula. Umathira mapeleti m'kachitini ka mkati, osapitirira timabowo ta m'mwamba. Umayatsira pamwamba, osati pansi. Moto ukagwira umapotokola kabatani, ndipo kafani koyendera batire kamayamba kulira chapansipansi. Motowo umadya mapeleti chotsika, ndiye utsi umene ukanatuluka umakumana ndi mphepo ya kafani pa timabowo tija n'kuyaka nawonso. Lawi limazungulira pansi pa poto mwaukhondo, nyemba zimapsa, maso sawawa, zovala sizinunkha. Ndimachikonda chitofu chimenechi, ndipo ndikanakonda kuti mabanja ambiri akhale nacho, pakuti bungwe la WHO limati utsi wa m'nyumba umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni pa chaka padziko lonse, ndipo mitengo ya ku Chongwe ikutha tikuona.

Tsono mnzanga wina wa pa mzere wathu, mayi wopemphera kwambiri, anabwera kudzachiona. Anaika manja pamwamba pake, n'kununkhiza, n'kuwomba m'manja. "Aphunzitsi, ichi ndiye chinthu. Chilibe utsi. Mu Julayi mungochilowetsa kuchipinda, mutseke bwinobwino, mugone ngati muli ku Luangwa." Nditamuuza kuti sindingayerekeze, anaseka. "Inu mumachulutsa mantha. Wosunga munthu ndi Mulungu. Tsiku lanu likapanda kukwana simungafe, ndipo likakwana, ngakhale mutsegule mazenera onse, mupita basi."

M'mawu akewo muli zinthu ziwiri, china cha moto, china cha Mulungu. Cha moto n'chosavuta. Chimene chimapha anthu usiku si utsi umene timauona. Ndi mpweya wotchedwa carbon monoxide, wopanda fungo, wopanda mtundu, umene umatuluka pamene makala, nkhuni, gasi kapena mapeleti akupsa mopereweredwa mpweya wabwino. Ukalowa m'mapapo umakanirira m'magazi mwamphamvu kuposa okosijeni kowirikiza ka 200, moti munthu amapuma ndithu koma thupi silikulandira kanthu. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, zomwe aliyense wa ife anganene kuti ndi malungo, n'kumwa Panado, n'kufunda mutu womwe. Wogona sadzidzimuka. Wina amadzuka ndithu, koma miyendo imakana kumufikitsa pachitseko.

Kumudzi tinkagona ndi moto m'nyumba, n'zoona, koma denga la udzu linkapuma, ndipo nkhuni zikayamba kufuka zinkatitsokomoletsa mpaka wina kudzuka. Nyumba za kuno n'za mabuloko, malata ndi magalasi. Timabowo ta mpweya timene amisiri anasiya pamwamba pa mazenera tinatitseka kalekale ndi nyuzipepala chifukwa cha fumbi ndi udzudzu, pansi pa chitseko timaikapo chiguduli. Lusaka ali pamtunda, mamita oposa 1,200, ndipo usiku wa Julayi kumazizira kutsika pa madigiri 10, ndiye munthu amatseka paliponse pamene mphepo ingadzere. Moto wopanda utsi m'nyumba yotero ndi woopsa kuposa wautsi, chifukwa palibe chokuchenjeza.

Chitofu cha mapeleti chimatulutsa mpweya woipawo pang'ono poyerekeza ndi mbaula, koma pokhapokha lawi lili bwino ndipo kafani kakuyenda. Poyatsa chimafuka. Mapeleti akanyowa amafufuma, amabwerera kukhala utuchi, n'kumangonyeka. Batire ikatha kafani kamaima. Ndipo ngakhale zonse zili bwino, mapeleti akatha lawi limazima, pansi n'kutsala timakala tofiira timene timanyeka mwakachetechete monga makala ena alionse. Nthawi imeneyo imafika munthu atagona kale. Ku Ulaya, makamaka ku Italy, kuli zitofu za mapeleti zotenthetsera nyumba, koma zawozo moto wake uli m'bokosi lotseka ndi galasi, ndipo paipi imaboola khoma kutulutsira zonse kunja. Zathu zino anazipangira kuphika. Zilibe paipi, chilichonse chimene zatulutsa chimatsala m'chipinda momwe muli.

Ndiye ine ndimayatsira pakhonde, lawi likakhazikika ndimalowetsa kukhichini, zenera lili lotsegula. Madzulo adzukulu akabwera timaothera pabalaza tili maso, chitofu chili pa simenti, kutali ndi makatani ndi kumene ana akuthamangira, zenera limodzi litasiyidwa mpata wolowa dzanja. Nthawi yogona ikakwana ndimakhuthulira timakala m'chitini panja n'kuthira madzi. Kuchipinda kumapita botolo la madzi otentha lokulunga m'chitenje, masokosi ndi mabulangeti a pa salaula. Thumba la mapeleti limakhala pouma, koma osati kogona, chifukwa mulu wa mapeleti umatulutsa mpweya womwewo ngakhale popanda moto. Ku Ulaya anthu anafapo atalowa m'nkhokwe zake zazikulu ndi m'zipinda za sitima zonyamula mapeleti. Adzukulu ndinawauza kuti anthu awiri kapena atatu akadandaula mutu nthawi imodzi moto uli m'nyumba, asafunse aliyense: atsegule zitseko, onse atuluke, apite kuchipatala, ndipo akanene kuti m'nyumba munali moto.

Cha Mulungu chija ndiye chovuta, ndipo mnzangayo si wopusa. Ine ndinakulira mu mpingo wa Reformed, umene unayambira ku Magwero mu 1899, ndipo Katekisma wa Heidelberg amene mipingo yathu imatsata amaphunzitsa kuti mvula ndi chilala, thanzi ndi matenda, palibe chimene chimangotigwera mwangozi, zonse zili m'dzanja la Atate. Ndimakhulupirira zimenezi. Ndi zimene zinandiimika pamene ndinaika bambo a kunyumba kumanda a ku Leopards Hill. Koma katekisma yemweyo, wolembedwa mu 1563, akafika pa lamulo loletsa kupha, amawerengera pomwepo munthu wodziika dala pangozi, ndipo amatilamula kutchinjiriza mnzathu ku choipa mmene tingathere. Amene analemba mbali ziwirizi ndi anthu omwewo, ndipo sanaone kuti zikulimbana.

Nkhani imene imandimasulira mfundoyi ili pa Machitidwe 27. Paulo ali m'ngalawa, namondwe wawazunza masiku ambiri, ndipo wauzidwa ndi mngelo kuti palibe ndi mmodzi yemwe amene afe. Anthu 276, onse alonjezedwa moyo. Koma amalinyero atafuna kuthawa pa kabwato, Paulo yemweyo anauza asilikali kuti anthu amenewa akachoka, otsalawo sapulumuka. Bwanji sanangopinda manja, poti tsiku lawo linali lisanakwane? Chifukwa Mulungu amene anakonza kuti apulumuke anakonzanso kuti apulumuke kudzera m'manja mwa odziwa kuyendetsa ngalawa. Paulo anawauzanso kuti adye, apeze mphamvu. Kwa ine, zenera lotsegula lili m'gulu lomwelo la amalinyero ndi chakudyacho. Ndipo mawu a mnzanga aja, akuti ngati tsiku silinakwane palibe chingachitike, tikawapenda bwino ndi omwe woyesa uja anabwera nawo kwa Yesu pamwamba pa kachisi, atanyamula ndi vesi lomwe. Yesu sanalumphe. Abale athu achisilamu nawonso ali ndi mbiri yakuti nyumba ina itapsa usiku ku Medina, Mtumiki Muhammad analangiza anthu kuti azizimitsa moto pokagona, chikhalirecho Asilamu ndi anthu okhulupirira kwambiri kuti zonse zinalembedwa kale.

Nanga n'chifukwa chiyani mawu akuti chifuniro cha Mulungu amatigwira chonchi? Ndikuganiza kuti pa imfa iliyonse pamakhala mafunso awiri, ndipo ife timawasakaniza. Mngelezi wina, Edward Evans-Pritchard, anakhala pakati pa Azande, kumene lero ndi ku South Sudan, ndipo m'buku lake la mu 1937 anafotokoza za nkhokwe imene imagwera anthu okhala pamthunzi pake. Azande ankadziwa bwino lomwe kuti chiswe ndicho chadya mizati. Chimene ankafunsa n'chakuti bwanji yagwa pa ola limenelo, pamene pansi pali anthu amenewa osati ena. Yankho lawo linali ufiti. Ifenso timatero. Awiri agona chipinda chimodzi, mwamuna wafa, mkazi wapulumuka, ndiye achibale a mwamuna amayamba kunong'onezana kuseri kwa tenti. Azungu nawonso sasiyana nafe. Mlembi wotchuka wa ku France, Émile Zola, anamwalira ku Paris pa 29 Sepitembala 1902 ndi mpweya woipa womwewu chifukwa chumuni cha kuchipinda kwake chinali chotsekeka. Mkazi wake Alexandrine anapulumuka, ndipo mpaka lero alipo amene amati adani ake ndiwo anatseka chumunicho.

Funso lakuti bwanji iyeyu, bwanji lero, n'la Mulungu, ndipo kunena kuti n'chifuniro chake n'kwabwino kuposa kuloza chala mkazi wamasiye. Pamenepo mawuwa amagwira ntchito yoyera, amatseka pakamwa pa osaka mfiti. Koma funso lakuti chamupha n'chiyani ndi lathu, ndipo yankho lake likudziwika. Cholakwa chathu n'kutenga yankho la funso loyambalo n'kukwirira nalo lachiwiri. Tikatero timamunamizira Mulungu, timamusenzetsa chiguduli chimene tinaika tokha pansi pa chitseko.

Sindikunena kuti tizikalalikira za mazenera m'nyumba ya siwa. Mayi amene analowetsa mbaula kuti ana ake asazizidwe, mawa lake n'kuwapeza atapita, safunika mphunzitsi. Akudziweruza kale kuposa mmene wina aliyense angamuweruzire. Anzake a Yobu anachita bwino masiku 7 amene anakhala chete, anayamba kulakwa atatsegula pakamwa. Mayi wotere timukumbatire, tiimbe, timuuze kuti ana ake ali m'manja mwa Mulungu, ndipo zimenezo n'zoona. Koma kumanda, wowerenga mbiri akamangoti "anatisiya mwadzidzidzi," anthu mazana n'kubalalika osadziwa chimene chachitika, theka la iwo akukagona ndi mbaula usiku womwewo, pamenepo ulemu wathu wasanduka nkhanza. Mkulu wa mpingo angathe kunena, mosatchula wolakwa, kuti m'bale wathuyu watengedwa ndi mpweya wa makala, ndipo tonse tisamale. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Pali lamulo lina pa Deuteronomo 22:8 limene sindinamvepo likulalikidwa pa guwa, koma ndi limene limandisowetsa tulo. Aisiraeli ankamanga nyumba za denga lafulati, ndipo anthu ankacheza ndi kugona pamwambapo. Lamulolo limati womanga nyumba aike kampanda kuzungulira denga, ndipo wina akagwa popanda kampandako, mlandu wa magazi ake uli pa nyumbayo. Taonani kumene mlandu wapita. Sunapite kwa wogwayo kuti anali wosasamala, sunapitenso kwa Mulungu kuti tsiku linakwana. Wapita kwa mwini nyumba.

Dutsani ku Kabulonga kapena ku Woodlands usiku wa Julayi. M'nyumba yaikulu magetsi sazima, padenga pali masola, kuchipinda kuli hita. Pageti pali kanyumba ka mlonda, kopapatiza, ka zenera limodzi lagalasi, ndipo mkati mwake muli bambo wa ana amene wapalasa njinga kuchokera ku Kalingalinga kapena ku Bauleni, wavala yunifomu yopyapyala, wakumbatira mbaula chitseko atatseka. Kuseri kuli kachipinda ka mtsikana wantchito, zenera lake linakhomedwa ndi misomali. Mlonda uja akapezeka atauma m'mawa, bwana adzagula bokosi, adzatumiza thumba la ufa ndi kabichi, ndipo adzanena nawo kuti n'chifuniro cha Mulungu. Ine ndikuti pakamwa pa bwanayo mawu amenewa ndi bodza. Jekete lochindikala, bulangeti, fulasiki ya tiyi ndi kabowo ka mpweya pakhoma sizifika pa mtengo wa bokosi. Ngakhale pa Yohane 18, usiku wozizira umene Petro anakana Ambuye, amene anasonkha moto wa makala anali antchito ndi alonda, koma iwo ankaothera pabwalo.

N'chimodzimodzi eni nyumba za lendi amene amamanga mizere ya zipinda m'makomboni popanda bowo ndi limodzi lomwe la mpweya. Wosauka satseka zenera chifukwa cha umbuli wokha. Amatseka chifukwa akuba amalowetsa ndodo n'kukoka foni, chifukwa bulangeti ndi limodzi ana ndi anayi, chifukwa makala amene waphikira nsima akali ofiira ndipo kuwathira madzi kumamupweteka mtima poganiza ndalama imene wagulira. Kumuuza kuti "samala" basi n'kosakwanira. Pa 29 Disembala 1991 Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, ndipo timakonda kuzitchula pa misonkhano. Dziko lachikhristu likanayamba ndi kampanda ka pa Deuteronomo kaja, mabwana ndi eni nyumba za lendi asanafike pa mapemphero a usiku wonse.

Mnzanga uja anagula chitofu chake, ndipo timatsutsanabe. Iye amati ine ndimadalira zenera, ine ndimati Mulungu amene anapanga mapapo ndi yemweyo anapanga mphepo, ndipo sanalonjeze kuti adzapumira munthu amene waitsekera kunja. Sindinamugonjetse ndi mavesi. Chimene chinamufewetsa ndi mdzukulu wake wa giredi 7, amene anamuuza kuti, "Ambuya, mukalowetsa ichi kuchipinda ine ndikagona kwa aphunzitsi." Tsopano amakhuthulira timakala panja, uku akung'ung'udza kuti ana a masiku ano alibe chikhulupiriro.

Abusa, ansembe ndi mashehe a mu Lusaka, mwezi wa Meyi ukafika ikani nkhaniyi pa zolengeza, pakati pa za chopereka ndi za maukwati, ndipo muibwereze mpaka Ogasiti. Amayi a Chigwirizano, poyendera odwala ndi okalamba tiziyang'ananso pamwamba pa mazenera, tichotse nyuzipepala zija. Inu amene muli ndi mlonda kapena wantchito, pitani usiku uno mukaone kumene amagona ndi chimene akuotha, ndipo ngati mungathe mugulireni kachipangizo ka mabatire kamene kamalira kakamva carbon monoxide. Ndipo inu amene mwagula chitofu cha mapeleti, phikirani, otherani muli maso zenera lili lotsegula, koma musanagone chitulutseni panja.